Bedi la Kumpanda

Mzime ankatsukabe makapu obwereka pamene achimwene ake anayamba kuyeza sofa ndi mapazi.

"Iyi silowa kwathu," anatero achimwenewo, ngati akuuza khoma. "Kabati ndiye ingalowe, tikaichotsa zitseko."

"Bambo sanazizire n'komwe, inu mwayamba kale kuyeza katundu?"

"Bambo azizira, mlongo wanga. Amene ukutentha ndiwe, poti wafika dzana ndi masutikesi."

Anthu olira anali atabalalika. M'nyumba munangotsala fungo la thukuta la khamu, mipando ya eni ake yosanjikiza pakhomo, ndi mayi, amene chibwerere kumanda sanachoke pampando wa pawindo. Nyumba yawo inali yapamwamba, m'nyumba zosanja zimene Mzime anazisiya zili zoyera n'kudzazipeza zitafanana ndi mano a munthu wosuta. Windolo linkayang'ana kuseri, kudimba la gulu. Anthu a m'nyumbazo anali atagawana malowo m'mabedi, banja lililonse lake, mpopi umodzi pakati, mpanda wawaya kuzungulira. Bedi la bambo linali lakumapeto, logundana ndi mpandawo. Maso a mayi anali atachita ng'ala, kotero kuti pawindopo ankangoona kubiriwira kopanda malire, koma ankadziwa mbali yoyang'ana.

"Mayi sangakhale pano okha," achimwene anapitiriza. "Masitepe awa ndi mawondo awo n'zodana. Kwathu chipinda chilipo, alamu ako akonza kale. Nyumbayi tibweza kwa eni ake."

"Sakhala okha. Ine ndilipo."

"Iwe uli patchuthi. Si mmene wakhala ukuwauzira anthu pamaliro? Kapena ndi tchuthi chija chopanda tikiti yobwerera?"

Mzime anatsegula mpopi mwamphamvu kuti madzi amuyankhire.

Kudziko lozizira kumene anathera utsikana wake wonse, ntchito yake inali yosambitsa makolo a anthu ena, kuwawenga zikhadabo, kuwamwetsa mankhwala, kuwagwira dzanja akamatsirizika. Abambo a eni ake ambirimbiri anatsinzina ali m'manja mwake. Ake omubereka anatsinzina iye ali pamzere kubwalo la ndege. Ntchito ija inali itatha, mapepala omulola kukhala kumeneko atatha, makiyi a kachipinda kake atabweza. Zonse zimene anapata zinali m'masutikesi awiri amene achimwene ankawaseka. Padziko lonse lapansi, malo okhawo amene akanagona osayamba wapempha anali kachipinda ka pafupi ndi bafa, m'nyumba yomweyi imene inkayezedwa ndi mapazi.

Mayi anayankhula osatembenuka.

"Bedi la bambo anu likadalipo, ine sindichoka."

Achimwene anausa moyo, koma kuusa kwake kunali kwa munthu amene watula katundu.

"Ndiyetu nkhani yadzithera yokha. Ndakumana ndi Apampando a gulu la dimba pamasitepe. Akuti abwera Loweruka, iwo ndi anzawo, kudzaona bedilo. Lamulo lawo mukulidziwa, mayi. Mwini bedi akamwalira, bedi limapita kwa amene ali patsogolo pamzere. Pali anesi ena a pansipa, akuti adikira mpaka ana awo akula akudya masamba ogula. Ine ndibwera Lachisanu madzulo ndi galimoto yaikulu, ndidzagone konkuno."

Atatuluka, Mzime anapukuta manja n'kukaima kumbuyo kwa mayi ake. Anafuna kuwafunsa zambiri, koma zaka zimene anasowa zinali zitaima pakati pawo ngati mlendo wosatsanzika. Anangowafunditsa juzi.

Makomiti ankawadziwa. Moyo wake wonse anauthera pamaso pa anthu okhala kuseri kwa matebulo, ndipo anaphunzirako chinthu chimodzi: munthu amalandidwa mosavuta akamaoneka wosasamala. Ukapesa, ukasita malaya, ukasesa pakhomo, wodzakulanda amayamba wakhosomola, mwina mpaka kubwerera. Analumbira mumtima kuti Loweruka gululo lidzapeza bedi limene munthu wamanyazi sangalande.

Lachisanu anadikira kuti othirira mamawa apite kuntchito. Sankafuna maso awo, ndipo mapepeso anali atamukola. Dzuwa litakwera anatenga kiyi wa geti pamsomali wa kuseri kwa chitseko, n'kutsika.

Dimbalo iye sankalidziwa. Pamene ankachoka, malowa anali dzala, ndipo ndi pamene ankasewera ali mwana, pakati pa matayala akutha ndi mabotolo osweka. Chipsera chinali chikadali pachidendene. Ngakhale dzala la ubwana wake analilanda n'kubzalapo kabichi. Mwano wa kwanu ndi umenewo: ukachoka sikukudikira, ndipo kumachita kukongola iwe kulibe.

Mabedi a anthu anali ngati ana a sukulu tsiku loyendera: repu m'mizere, matimati omangirira pazichiri, udzu wouma woyalidwa bwino patsinde pa mbewu kuti dothi lisaume. Anadutsa pakati pake mpaka kumpanda.

Bedi la bambo linali tchire. Mpiru unali utakalamba n'kutalika mpaka m'mapewa mwake, maluwa achikasu kunsonga, m'munsi timakoko towonda tolendewera. Anyezi anali atatulutsa mitu yoyera ngati nkhalamba pamsonkhano. Letesi anali atakwera m'mwamba, wowawa ndi pomuyang'ana pomwe. Nyemba zinaumira pamitengo popanda wothyola, ndipo matimati ena anapsa mpaka kuchita makwinya. Apa ndi apo panali tinsanza tofiira tomangidwa pamapesi, iye n'kuganiza kuti n'toopsezera mbalame: nzeru za munthu wodwala amene mphamvu zolimira zamuthera.

Mkwiyo unamugwira. Anthu aja, amene pamaliro ankalira mpaka kugwirizitsidwa, analephera kumuthyolera mnzawo nyemba ali chigonere! Ankadutsa pomwepa ndi makheni awo othirira mamawa ndi madzulo, akuyang'ana bedi likuwonongeka, akudikira kuti liwagwere m'manja.

Anatenga khasu, chikwanje ndi wilibala m'kanyumba kosungiramo zida, n'kuyamba.

Mpiru unkakana kuzuka, mizu yake itagwira pansi ngati ya mtengo. Anaukumbatira, nkhope ili m'kati mwa mapesi, n'kumakoka ndi msana wonse. Manja ake ozolowera magolovesi ndi madzi ofunda anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, mpini n'kuyamba kuterera. Anang'amba m'mphepete mwa siketi n'kukulunga zikhato. Sanamwe madzi, sanakhale pansi. Ankagwira ntchito ngati munthu amene akukapa madzi m'nyumba yodontha, ndipo nthawi zina ankadzimva akuyankhula yekha. "Ndabwera, bambo. Mochedwa, koma ndabwera."

Zonse anaziduladula ndi chikwanje n'kukazitaya kudzenje la manyowa la gulu. Padzenjepo panali chikwangwani cholangiza kuti wotaya zinyalala athire madzi, apondeponde, akwirire ndi dothi. Mzime anali atakhala nthawi yaitali m'dziko la eni ake moti sankadutsa chikwangwani osachimvera. Anathira madzi, anapondaponda, anakwirira.

Dzuwa likupendeka, bedi linali mbee, losalala, m'mbali mwake mowongoka ngati machira oyalidwa kuchipatala. Anaima atatsamira khasu, atatopa. Chifikire, aka kanali koyamba kumva kuti wachitapo kanthu.

Woyamba kulowa pageti anali Atelala, mnzawo wa bambo, nkhalamba yopindika msana imene inkamusokera yunifolomu Mzime ali mwana. Ankabwera akuimba mluzu, kheni kumanja, kheni kumanzere. Atafika pampopi anayang'ana kumpanda, mluzu n'kuduka. Makheni anagwa okha.

"Mayo ine! Ndani wachita izi?"

"Ndine," anatero Mzime, akuwongola msana. "Poti inu nonse munalibe nthawi."

Atelala anayandikira pang'onopang'ono, akuyang'ana dothi, kenako iye, kenako dothinso.

"Iwe mwana iwe. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sanati amete ndi khutu lomwe." Mawu awo ankafuna kuseka, koma kusekako sikunatuluke. "Mpiru uja waupititsa kuti?"

"Kudzenje. Unali wokalamba, palibe akanaudya."

"Ndani anati ngwakudya?"

Anthu ena anali akulowa, amayi ndi abambo ochokera kuntchito, ena asanavule n'komwe nsapato za muofesi. Aliyense akafika pampopi ankaima, ngati wafika pamalo angozi. Pakati pawo panatuluka mayi wamtali, wa imvi zometa mwachidule, ndipo Mzime anadziwa osauzidwa kuti awa ndi Apampando. Anawayang'ana m'maso. Mawu anali atawakonza kale, masana onse.

"Ndamva kuti mawa mukubwera kudzalanda bedi la bambo. Ndi ili. Muli udzu? Muli chinyalala? Ndililima ndine. Ndidzuka nanu limodzi, ndithirira nanu limodzi, zimene mumasonkha ndisonkha. Musawachotse mayi anga pawindo paja, chonde. Ndikukupemphani."

Apampando sanakwiye. Zikanakhala bwino akanakwiya.

"Mwana wanga, wakuuza ndani kuti tikudzalanda?"

"Achimwene. Lamulo lanu la mzere."

"Achimwene ako sanagwirepo khasu muno. Ine ndinati tikudzaona. Tinkabwera kudzaona ngati njere zakhwima." Analoza bedilo. "Bedi ili silinali la ndiwo. Linali la mbewu. Chilichonse ukuchiona chikubiriwira muno chinachokera pamene waimapo. Bambo ako ankasankha zamphamvu, zopirira dothi lathu loipali, n'kuzimanga kansanza kuti pasapezeke wothyola, n'kuzisiya zikalambe."

"Tinsanzato ndinkawapatsa ndine," anatero Atelala. "Totsala posoka. Kodi pamaliro sunamve anthu akuwatchula kuti Anjere? Unkayesa n'chifukwa chochepa thupi?"

Wina anaseka mwangozi, n'kudzitseka pakamwa.

"Bedi la mbewu silikhala pamzere," Apampando anapitiriza motsitsa mawu. "Ndi la tonse. Tinagwirizana kuti likhale m'dzina la mayi ako, ife tizilisamala mosinthana, iwo azitiuza zimene bambo ako ankachita, mpaka iwo eni adzatope. Bambo ako akudwala anatiletsa kuthyolamo ngakhale tsamba limodzi. Tinkathirira patsinde pokha, mosamala, kuti makoko asanyowe. Linatsala pang'ono, mwana wanga. Linatsala pang'ono kwambiri."

Mzime anamva khasu likumulemera. Analisiya ligwe.

Mmene anafikira kudzenje sanadziwe. Anangozindikira atagwada m'matope, akufukula ndi manja okulunga nsanza aja. Ntchito yake inali yaukhondo, yotsata malangizo. Zimene ankatulutsa zinali phala la mapesi, masamba ndi dothi. Ankatola kakoko, kukafinya, n'kutuluka timadzi tobiriwira. Ankatola kena, n'kupeza kali kosweka kale, njere zitamwazikira m'matope akuda ngati izo zomwe. Mitu ya anyezi inali itaphwanyika ndi zidendene zake. Anapitirizabe kukumba, akupuma ngati galu, mamina ndi misozi zikugwera m'dzenjemo.

"Zilimo," ankatero. "Zilimo, dikirani. Musachoke. Ndizipeza."

Palibe anachoka, komanso palibe anamuthandiza. Ankadziwa zimene madzi ndi chidendene zimachita ku njere zosakhwima bwino.

"Mzime, tuluka mmenemo. Ukutichititsa manyazi."

Anali achimwene. Anali atafika ndi galimoto yawo yaikulu, ndipo pamkono pawo panatsamira mayi, amene anamva phokoso ali pawindo n'kukakamira kuti awatsitse. Anthu anapatuka. Mayi anadutsa pakati pawo, phazi ndi phazi, mpaka kumpanda. Anatambasula dzanja m'mwamba, pamene nsonga za mpiru zinkayenera kukhala, dzanjalo n'kudutsa mumphepo. Anawerama movutika n'kusisita dothi losalala lija.

Mayi wina wachitsikana, wovala yunifolomu yoyera ndi juzi yabuluu, anabwera kutsogolo akupotokola zala.

"Amayi, ine ndine nesi wa pansipa. Ndine amene ndili patsogolo pamzere. Koma ndikhoza kudikirabe, sindinafe ndi masamba ogula. Achemwaliwa alime, taonani manja awo mmene achitira."

Mzime anatuluka m'dzenje chokwawa, matope mpaka m'zigongono.

"Mwamva, mayi? Atilola. Ndibzala zina, ndikagula mbewu kusitolo, za m'mapaketi, zabwino. Mwezi ukamatha mudzaona kubiriwira pawindo. Mayi, mwamva?"

Mayi anadzuka, atagwira waya wa mpanda.

"Tengani, anesi. Ana anu adye." Anapukuta dothi m'manja. "Ine ndinati bedi la bambo awo likadalipo sindichoka. Ili ndi dothi chabe." Anatembenukira kumene kunali mwana wawo wamwamuna. "Mawa unyamule kabatiyo. Zitseko uchotse bwino, usathyole mahinjesi."

Chimene achimwene ankafuna chinali chitawagwera m'manja, ndipo ankachiyang'ana ngati chawawotcha. Kenako anati, osayang'ana mlongo wawo, "Pabalaza pathu pali malo. Ukhoza kuyala pamenepo mpaka uone chochita."

Mzime anavomera ndi mutu. Analibenso mkwiyo woti abisalemo. Dzuwa linali litatsikira kuseri kwa nyumba zosanja, mthunzi wake utaphimba theka la dimba, ndipo mpopi umene wina anaiwala kutseka unkadzaza kheni n'kumasefukira.

"Mzime."

"Mayi."

"Bwera kuno. Unazula ndi manja kapena unadula ndi chikwanje uli chiimire?"

"Ndinazula."

"Utawerama?"

"Eya."

"Atelala, ndibwerekeni ndowa ndikhalire."

Anawatembenuzira ndowa, mayi n'kukhala. Anavula mpango kumutu, imvi zawo n'kuonekera pagulu, chinthu chimene Mzime sanachionepo chibadwire. Anauyala pamiyendo.

"Gwada. Ika mutu apa."

Mzime, mayi wa zaka zake, amene imvi zinali zitayamba kale kumuonekera, anagwada n'kuika mutu pamiyendo ya mayi ake. Zala zouma zinalowa m'tsitsi lake loluka, zikumasula mzere ndi mzere, zikukanda, zikusasa. Poyamba sanamve kanthu. Kenako anamva kaphokoso kakang'ono pansalu, ngati mvula ikamayamba padenga lakutali.

"Makoko a m'munsi ndi amene amayamba kukhwima," mayi anatero, ngati akuyankhula ndi mutuwo. "Ukangowagunda amaphulika. Bambo ako ankabwera ndi njere m'tsitsi mpaka papilo. Ndinkawakalipira."

Atamaliza, anasonkhanitsa ngodya za mpango n'kugwedeza kuti zonse zitsikire pakati. Tinali tinjere takuda, tosakanikirana ndi fumbi ndi tizidutswa ta tsitsi, tosadzaza n'kachitsekero ka botolo komwe. Mzime anatiyang'ana ndi njala. Ndi zokhazo zimene zinatsala za bambo ake, ndipo zinatuluka m'thupi mwake. Anatambasula manja kuti amange mpangowo, akausunge pansi pa sutikesi pamene munthu sangaukhudze.

Mayi anamumenya kadzanja pang'ono, monga amachitira ndi mwana wofikira m'mbale asanasambe.

"Atelala, dzanja."

Anatsina pang'ono n'kuwaikira m'chikhato. "Apampando." Anatsinanso. Anesi, amayi a bedi loyandikana nalo, abambo a nsapato za muofesi, aliyense ankabwera atatambasula dzanja mosadabwa, ngati anthu ozolowera kuima pamzere umenewu, ndipo mayi ankawazindikira ndi kakhosomoledwe kapena kayendedwe kawo. Sanawerenge, sanapatule zoti zitsale m'nyumba. Mpango utayera, ananyowetsa chala ndi malovu n'kutola timene tinabisala mumsoko.

"Iwe, dzanja."

Mzime anayang'ana bedi limene silinalinso lawo, mawindo a nyumba imene mawa ibwezedwe, ndi galimoto yaikulu itaima kuseri kwa mpanda.

"Ndikazibzala kuti, mayi?"

"Bambo ako pogawa njere sankamufunsa munthu ngati ali ndi malo."

Anamumasula kansanza ka m'chikhato, anafufuza ndi chala pakati pa matuza mpaka anapeza pouma, n'kupukutirapo tinjere tija. Kenako anamupinda zala, chimodzichimodzi, n'kugwira chibakeracho ndi manja awo onse awiri.